Jombo za Boma

Bokosi lachitsulo linakana kulowa pa geti laling'ono. A Phula analitembenuza cham'mbali n'kulikankha ndi bondo, koma chogwirira chinakola pa waya. Mzime anali kale mkati, akukoka mbali inayo. Kumbuyo kunali mzere wa anthu, ndipo ena anayamba kuseka.

"Madala, mwaperekeza mkwatibwi kapena wodzatumikira dziko?" anafunsa mlonda wa pageti.

A Phula anakankhanso. Bokosi linalowa, penti n'kusupuka pakona.

"Mwaliona likukana," anatero azakhali a Mzime, mlongo wawo wa a Phula, akupinda ambulera kuti nawo alowe. "Bokosi limadziwa kwawo. Anthu ndi amene sadziwa."

A Phula anali wosoka nsapato pakhonde la sitolo ina pafupi ndi pokwerera mabasi. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a pakhondepo, chifukwa cha kachidutswa ka phula kopakira ulusi kamene sikankachoka m'thumba mwawo. Akazi awo anali atamwalira chaka chinacho. Ana akuluakulu anali kutali ndi mabanja awo. Pakhomo panatsala Mzime, amene anamaliza sukulu mayi ake ali kale chigonere. Anzake atapita ku makoleji, iye anatsala akusambitsa mayi, kuwatembenuza ndi kuchapa zofunda mpaka tsiku lomaliza. Maliro atatha, maso a bambo nawo anayamba kuchita nkhungu. Kusoka ankasokabe, poti zala zinkadziwa njira, koma kabowo ka singano sankakaonanso. M'mawa uliwonse Mzime ankalowetsa ulusi m'singano zingapo n'kuzibaya pa kansalu, ndipo a Phula ankapita nako kuntchito.

Kenaka kunabwera za kutumikira dziko. Achinyamata odzipereka ankakhala pa kampu chaka chathunthu, kugona komweko ndi kugwira ntchito iliyonse imene boma lanena. Womaliza ankalandira setifiketi yotsegula khomo la sukulu ya anamwino, khomo limene Mzime anali atagogodapo kangapo osayankhidwa. Analembetsa osauza munthu. Atamutenga, anawauza bambo ake ali pa chakudya. A Phula anatafuna, anameza, n'kufunsa kuti, "Nanga singano?" Sananenenso kanthu pa nkhaniyo. Koma tsiku lonyamuka litayandikira, anakoka kunsi kwa bedi bokosi la malemu akazi awo, limene sankalola munthu kuligwira, n'kuliika pakhomo pa chipinda cha Mzime. Pamwamba anaikapo chikwama chachikopa cha malemuwo, chimene anachisoka okha asanakwatirane.

Kunja kwa mpanda wa waya kunakhala achinyamata ena ambiri ndi zikwama zawo. Sanali pa mzere. Ena anadziphimba kumutu ndi majuzi pothawa dzuwa.

"Nanga awa akudikira chiyani?" azakhali anamufunsa mlonda.

"Akudikira kuti wina alire, afune amayi ake," anatero mlondayo. "Awa malo anawathera. Wezulo wamadzulo akalira, amene sanaime pa mzere atavala za boma kuyambira kumutu mpaka kuphazi, malo ake timapatsa mmodzi wa awa."

"Ngati akhwangwala," anatero azakhali.

"Akhwangwala nawo ndi ana a anthu, mayi."

Pansi pa shedi panali matebulo, ndipo pa tebulo lapakati panaima mayi wamfupi wa yunifomu yobiriwira, wezulo ali pachifuwa. Anayang'ana bokosi, n'kuyang'ana Mzime.

"Tsegula."

Mzime anatsegula. Mayiyo anayamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi n'kumaziika pansi pa fumbi, anthu akuona. Anatulutsa mapoto awiri, nsimbi, ndi makatani a maluwa amene mayi ake a Mzime ankasungira alendo. Makapu okulungidwa m'nyuzipepala anawamasula kuti aone ngati munabisika kanthu. Atafika pansi anapeza loko watsopano, makiyi ake ali omangidwa ndi ulusi wopaka phula.

"Uyu ndi wa chiyani?"

"Wa chitseko chake," anatero a Phula.

Pa shedi ponse panagwa phwete.

"Chitseko chake," mayiyo anabwereza pang'onopang'ono. "Madala, pano chitseko ndi chimodzi, ndipo kiyi amagona ndi ine."

"Safunsa anadya phula," ananong'ona azakhali, koma mokweza ndithu kuti achimwene awo amve.

Zololedwa zinali sopo, thawulo, mswachi ndi zovala zamkati. Zinalowa m'chikwama chobiriwira cha boma n'kutsala malo. Foni anaiponya m'ndowa mmene munali mafoni ena.

"Udzaiona maphunziro oyamba akadzatha."

"Mayi, bambo anga saona bwino," anatero Mzime. "Ndimafuna ndiziwaimbira m'mawa kuti..."

"Aliyense pano ali ndi bambo. Chimene wapachikacho bweretsa."

Mzime anagwira lamba wa chikwama chachikopa ndi manja onse awiri.

"Ndi cha malemu amayi."

"Pepa. Pano aliyense ndi wofanana ndi mnzake. Chikwama ndi chimodzi, mtundu ndi umodzi. Ukalowa nacho, mawa wina abwera ndi mpando wa agogo ake."

A Phula anatambasula dzanja. Mzime anawapatsa chikwamacho osawayang'ana. Anagwada n'kuyamba kubweza zinthu m'bokosi, akukuntha fumbi pa makatani. Zinakana kukwanamo monga zinakwanira kunyumba, mpaka azakhali anachita kukhalira chivindikiro.

Makolo analoledwa kusuzumira kogona. Chinali chipinda chachitali chimene chinkaoneka kuti kale munkasungidwa matumba, ndipo fungo lake linali lisanachoke. Mabedi achitsulo osanjikizana anandanda mbali zonse. Matiresi a Mzime anali ndi dzenje pakati ndi mapu a anthu amene anagonapo kale. Mawindo ena anatsekedwa ndi makatoni. Pakati pa chipinda panali beseni, ndipo a Phula atayang'ana kudenga anaona kadontho ka kuwala kofanana ndi nyenyezi. Chatsopano m'chipindamo chinali chimodzi chokha, mawu akuluakulu a penti yofiira pakhoma: DZIKO LAKO LIKUKUFUNA.

Pa bedi la pamwamba pa la Mzime panakhala mtsikana wamwendo wautali, akugwedeza mapazi.

"Takulandirani, aneba a pansi," anatero. "Ine ndinafika dzulo, ndiye ndine nzika. Funsani chilichonse."

"Madzi osamba ali kuti?" anafunsa Mzime.

"Mpope uli kuseri. Umatulutsa madzi dziko likafuna. Dzulo silinafune."

"Nanga za unamwino timayamba liti?"

Mtsikanayo anaseka mpaka bedi linalira.

"Za unamwino? Mzanga, ine ndinabwerera za magetsi. Chifikireni ndagwira tsache ndi burashi."

Burashi ija Mzime anaigwira lisanapendeke dzuwa. Kunamveka kuti kukubwera mlendo wolemekezeka kudzatsegulira chaka. Makolo anawalowetsa mu holo kuti amudikire. Achinyamata anawagawira ndowa za laimu kuti apake miyala ya m'mbali mwa msewu wochokera pageti. Miyalayo inali yoyera kale. Anaipakanso.

Mu holo munatentha. Bambo wina wa tayi anaima kutsogolo n'kulankhula za ngwazi za mawa, za thukuta, za dziko limene silimangidwa ndi anthu ogona. Atatha mawu anayang'ana pakhomo, n'kuyambiranso za thukuta. A Phula anakhala pafupi ndi windo, bokosi lili pakati pa miyendo. Patali ankangoona zinthu zobiriwira zowerama, koma ankadziwa kuti wachitatu kuchokera pa mtengo ndi Mzime. Ankawerama ngati mayi ake, dzanja limodzi lili pa bondo.

"Ndiye kutumikira dzikoko ndi kumeneku?" anatero azakhali, akudzikupiza ndi mpango. "Mwana kusiya bambo ake osaona kudzasambitsa miyala? Miyala ili ndi abale ake, achimwene."

A Phula anangoyang'anabe pawindo.

Mlendo uja sanabwere. Wa tayi ananena kuti wagwidwa ndi ntchito zina za dziko lomwelo, ndipo anapempha makolo kuti amuombere m'manja ngakhale palibe. Ena anaomba.

Jombo anazigawa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Wogawayo, bambo wonenepa wa pensulo kukhutu, anakhuthula matumba pansi n'kubwerera m'mbuyo.

"Dzisankhireni."

Anyamata anagwera pa muluwo ngati nkhuku pa chimanga. Atsikana amphamvu analowa ndi zigongono. Mzime anali atatumidwa kukatsuka ndowa, ndipo mpope unachedwa kufuna. Mmene ankafika, pansi panali patatsala jombo ziwiri zokha, zakuda, zazikulu ngati mabwato. Anaponyamo phazi. Linalowa osakhudza paliponse.

"Bambo, izi zandikulira kwambiri."

"Phazi limakula potumikira dziko, chemwali."

"Palibe zina?"

"Zikubwera."

"Liti?"

"Zinali zikubwera pamene ine ndinkayamba ntchito pano." Anachotsa pensulo kukhutu n'kumuloza nayo. "Ndipo umve. Jombo ndi za boma. Osadula, osabowola, osasoka. Ukaononga, wapita."

Mzime anamanga zingwe mpaka mbali ziwiri zinakumana. Anaponda kamodzi, kawiri. Kachitatu phazi linatuluka lokha, jombo n'kutsala m'mbuyo itaima chilili. Anaponda fumbi ndi sokosi. Anyamata anaseka, wina n'kuchitira jomboyo sawatcha. Mayi wa wezulo ankadutsa pomwepo ndipo sanaseke.

"Madzulo mukuguba kuchokera kogona mpaka pa mbendera," anatero. "Amene jombo yake ifike payokha, iye payekha, ameneyo sanavale za boma."

Mzime anatola jombo zija m'manja. Anawapeza bambo ndi azakhali atakhala pa bokosi pansi pa mtengo, pafupi ndi mpanda. Anaziponya pansi patsogolo pawo, n'kuwauza zimene wogawa uja ananena. M'manja mwake munali moyera ndi laimu, ndipo m'ming'alu ya zala munkatuluka timagazi.

"Bambo, tiyeni tizipita."

Azakhali anaimirira nthawi yomweyo.

"Wanena yekha. Achimwene, mwamva, wanena yekha, ine sindinamuuze. Walira mvula walira matope, inde, koma matope enawa ndi ochita kukuthira dala. Tiyeni basi isanatisiye."

Kunja kwa waya, mtsikana wina wa juzi yofiira amene anakhala chapafupi anamva. Anaimirira, n'kukoleka chikwama chake paphewa.

A Phula sanasunthe. Mawu akuti "tiye" anali kale pakamwa pawo, ndipo anali atakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Akanangowatulutsa, madzulo omwewo m'nyumba mukanayaka nyale, ketulo ikanalira, ndipo m'mawa kansalu ka singano kakanawadikira pa tebulo. Palibe akanawanena. Mwana anali atanena yekha.

Anayang'ana manja a Mzime. Sankawaona bwino, koma ankawadziwa. Ming'aluyo siinayambe ndi laimu. Inayamba ndi zofunda za mayi ake.

Anawerama n'kutola jombo imodzi. Analowetsamo dzanja mpaka kumapeto, n'kuyeza ndi zala malo otsala. Anaitembenuza, anakanda chidendene ndi chikhadabo, anainunkhiza.

"Chikopa n'chabwino," anatero.

"Achimwene, sitikugula."

"Tadzukani pa bokosipo," anatero a Phula, ngakhale azakhali anali ataima kale. Anatsegula, n'kutulutsa chikwama chachikopa. M'thumba la jekete anatulutsa kampeni kawo. Anayala chikwamacho pa chivindikiro n'kulowetsa mpeni mu msoko.

"Bambo!" Mzime anawagwira mkono. "Ndi cha amayi."

"Ndinasoka ndine."

Msoko unang'ambika ndi kaphokoso kouma. Ulusi umene unagwira kuyambira asanabadwe ana onse unaduka mfundo imodziimodzi. Mzime anawasiya mkono n'kubwerera m'mbuyo.

"Phazi," anatero a Phula.

"Sindikupatsani."

Sanaumirire. Phazi la Mzime ankalidziwa. Nsapato iliyonse imene mwanayo anavalapo chiyambire kuyenda inadutsa m'manja mwawo. Anaimika jombo pa chikopa, anazungulira ndi nsonga ya mpeni, n'kudula cham'kati mwa mzerewo. Anadula zidutswa zingapo za phazi lililonse, zosanjikiza kuti phazi likwere m'mwamba lithine. Lamba wa chikwama anamudula pakati n'kumupindapinda kuti atseke malo a kutsogolo kwa zala. Chivindikiro chofewa cha chikwamacho anachisandutsa timapilo ta kuchidendene.

"Munthu uja wanena kuti osasoka," anatero azakhali. "Mukufuna amuthamangitse ndi manyazi m'malo mochoka yekha?"

"Za boma sindisoka. Ndisoka zanga."

Zidutswazo zinafunika kuzilumikiza kuti zisamaterereke m'kati. A Phula anatulutsa ulusi, anaudula ndi mano, anaukoka pa phula. Kukolala ya jekete anasololako singano. Inali yopanda ulusi. Zolowetsa kale zinatsala kunyumba, pa kansalu kamene Mzime anakadzaza m'mawa asananyamuke.

Anatambasula dzanja, singano ndi ulusi zili pamodzi, monga ankachitira tsiku lililonse.

Mzime anapinda manja pachifuwa.

"Sindilowetsa."

A Phula anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Ine musandiyang'ane," anatero azakhali. "Ndikalowetsa lero ndiye kuti ndalembedwa ntchito. Ndili ndi nyumba yanga, bambo a kunyumba nawo miyendo ikuwavuta. Sindingamakwere basi m'mawa uliwonse kudzalowetsa ulusi. Ndanena pano pali mboni."

A Phula anabweza dzanja. Anakweza singano kuloza kumene kunali dzuwa, anatsinzina diso limodzi, n'kuyandikiza ulusi. Unadutsa pambali. Anaunyowetsa ndi malovu, anaupotokola, anayesanso. Unadutsa mbali inayo. Anayandikiza singano pafupi ndi mphuno, kenaka anaitalikitsa mpaka mkono unatha. Ulusi unagunda chitsulo n'kupindika. Anauwongola. Anatsamiritsa dzanja pa bondo.

Makolo ena odutsa ndi ana awo anachepetsa liwiro kuti aone. Mtsikana wa juzi yofiira anali atafika pa waya penipeni, zala zili m'mabowo.

"Mukuona?" anatero Mzime. Mawu ake anali otsika koma akuthwa. "Ndi chimene ndikunena. Mawa mudzatani? Mukufuna ine ndikhale pano ndizipaka miyala, inu muzibaya mphepo pakhonde anthu akukusekani? Malo ano mwawaona nokha. Munthu sangaphunzire kanthu pano. Atinamiza."

"Mwina."

"Ndiye tiyeni."

Ulusi unadutsanso pambali.

"Chaka chimatha," anatero a Phula.

"Inunso mutha."

A Phula anatsitsa singano. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamuyang'ana mwana wawo kumaso.

"Wadwazika mmodzi. Wachiwiri ayi."

Azakhali anayang'ana kumbali n'kuyamba kukonza ambulera imene inalibe vuto.

"Ndiye mukundithamangitsa," anatero Mzime.

A Phula anakwezanso singano.

"Pamene ndinkakuuzani kuti ndikupita, munakhala duu ngati ndakuberani. Masiku onsewa m'nyumba mopanda mawu, ine kumagona ndi mlandu. Lero ndikuti ndibwerere, mukung'amba chikwama cha amayi. Mukufuna chiyani kwenikweni, bambo?"

Ulusi unali utayamba kuda ndi thukuta la zala. A Phula anadula kansonga n'kuyambanso.

Ku bwalo, mayi wa wezulo anali akuyenda kulowera kogona, akuyang'ana wotchi. Achinyamata a zobiriwira anayamba kutuluka m'magulumagulu. Kunja kwa mpanda onse anali ataimirira tsopano. Mtsikana wa bedi la pamwamba anadutsa chothamanga, jombo zake zikulira.

"Aneba a pansi, mukubwera? Mukachoka mundisiyire matiresi, anga ali ndi anthu ake."

Ulusi unadutsa pambali. Unadutsanso. Singano inapulumuka n'kugwera m'fumbi, ndipo a Phula anagwada n'kuyamba kupapasa pansi ndi zikhatho zonse ziwiri, kutali ndi pamene inagwera.

Mzime anawayang'ana akupapasa. Kenaka anawerama, anatola singano, analanda ulusi m'zala zawo, n'kulowetsa kamodzi kokha. Anaibaya pa mkono wa jekete lawo mwamphamvu.

"Sokani."

Anasoka. Apa maso sankafunikanso. Singano inkalowa ndi kutuluka m'mabowo akale a chikwama pamene inawapeza, ndi kuboola atsopano pamene panalibe. Ulusi utatha anatambasula dzanja, ndipo Mzime analowetsa wina. Anamanga mfundo, analuma, anakankhira zonse m'jombo ndi chala chachikulu, n'kuziika patsogolo pa mwana wawo.

"Vala."

Mzime anavala. Anamanga zingwe. Anaponda kamodzi, kawiri, katatu. Anafika pa mtengo wina n'kubwerera. Jombo zinali zolemera ndipo zinkamuchititsa kuyenda ngati munthu wowoloka madzi, koma zinabwera naye.

Wezulo analira.

Mzime anatola chikwama chobiriwira. Anayang'ana zotsala za chikwama cha mayi ake pa chivindikiro cha bokosi, tizidutswa ndi kachitsulo kotsekera. Sanatolepo kanthu.

"Mankhwala a m'maso ali pawindo la kukhitchini," anatero, akuyang'ana mtengo. "Madontho awiri. Osati mukakumbukira, tsiku lililonse."

"Ndamva."

"Simunamve. Simumva inu."

Anatembenuka n'kumapita. Azakhali anamuitana kuti atsanzike bwino, koma sanacheuke. A Phula anamutsatira ndi maso mpaka anasanduka chimodzi mwa zinthu zobiriwira zija. Gulu linayamba kuguba, fumbi linakwera, ndipo sanathenso kudziwa kuti wawo ndi uti. Anamvetsera. Panalibe amene anaseka.

Mnyamata mmodzi yekha ndi amene anatuluka pageti madzulo amenewo, akulira, mayi ake atamunyamulira chikwama. Mlonda anaitana mmodzi wa akunja, ndipo amene analowa chothamanga sanali wa juzi yofiira. Otsalawo anayamba kubalalika. A Phula akutulutsa bokosi pa geti laling'ono lija, anamupeza mtsikanayo ataima pambali pa njira.

"Madala," anatero, "mukanangomusiya achoke. Iye ali ndi kobwerera."

A Phula anaima, bokosi lili pa bondo. Mtsikanayo anakonza chikwama paphewa n'kulowera ku msewu.

Mu basi bokosi analipakata, poti kondakitala anati pansi palibe malo. Azakhali analankhula njira yonse. Anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo achimwene awo asankha phanga lodontha. Anati mwanayo akadzabwerako ndi setifiketi sadzakhalanso wa pakhomo, adzapita kumene anapita anzake. Anati iwo anena kale, asadzawadabwe. A Phula anavomera ndi mutu kamodzi, pa mawu a setifiketi aja.

Kunyumba anabweza bokosi kunsi kwa bedi. Mapoto sanawatulutse.

M'mawa anapeza kansalu pa tebulo. Mzime anali atabayapo singano zonse za m'nyumbamo, mpaka zazing'ono za mayi ake zosokera mabatani, iliyonse ndi ulusi wake wopakidwa kale phula. A Phula anazisisita ndi chala kuchokera koyamba mpaka kotsiriza. Anakapinda kansaluko n'kukaika m'thumba la m'kati. Anadontheza mankhwala m'maso, ena n'kutsikira patsaya, ndipo anatseka nyumba.

Pakhonde la sitolo anzawo anawafunsa za ulendo.

"Wafika," anatero.

"Malo ake ndi abwino?"

"Alipo."

Woyamba kubwera anali mayi wina ndi nsapato ya sukulu ya mwana wake, yoyasama kutsogolo. A Phula anaitembenuza, anadula ulusi, anaukoka pa phula. Dzanja linapita ku thumba la m'kati, linakhudza kansalu, n'kubwerako lopanda kanthu. Chaka chinali chachitali kuposa kansaluko. Anasolola singano ya kukolala ija, anasendeza mpando kumene kunali dzuwa, n'kutsinzina diso limodzi.

Mayiyo anaima, anasinthira thumba lake ku dzanja lina, anayang'ana basi imene inkadzaza.

"Ndidikire, bambo?"

Ulusi unadutsa pambali.

"Mubwere madzulo," anatero a Phula, n'kuunyowetsanso.